Momwe ndinapezera deta ya MDHS ya thesis yanga

Nditawauza amayi kumudzi kuti ndikuvutika kupeza deta, anandifunsa kuti kodi andigulire ya ndalama zingati, iwo amaona ngati ndikunena ya pafoni. Ndinaseka koma pansi pamtima zinali zowawa, chifukwa nthawi imeneyo purupozo yanga inali itabwezedwa kawiri. Mutu wanga unali wa mimba za atsikana a zaka 15 mpaka 19, ndiye ine mwa nzeru zanga ndinalemba kuti ndikayenda m'maboma atatu kukafunsa atsikana ndekha. Asupavaiza anangoyang'ana bajeti yanga n'kundifunsa kuti, achimwene, thiransipoti ya maboma atatu mulipira ndi chani, nanga ana a zaka 15 mukawafunsa bwanji za mimba popanda chilolezo cha makolo. Kenako anati pitani mukaone MDHS, anzanu anayenda kale dziko lonse.

MDHS ndi Malawi Demographic and Health Survey, kafukufuku amene a National Statistical Office (NSO) ku Zomba amapanga mothandizana ndi a DHS Program. Anachitika mu 1992, 2000, 2004, 2010, 2015-16 komanso 2024. Ine ndinagwiritsa ntchito wa 2015-16, momwe anafunsa amayi 24,562 a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo 7,478, m'maboma onse 28. Tangoganizani, ine ndimafuna kufunsa atsikana mazana angapo ndi ndalama za ngongole pamene mayankho a anthu onsewa ali phee pa intaneti, aulele.

Poyamba ndinkangokopera manambala mu lipoti lija la PDF ndi pa STATcompiler, komwe sufunikanso akaunti, umangosankha dziko ndi chomwe ukufuna. Koma zimenezo ndi matebulo ophikaphika, sungafunse funso lako lako. Kuti upange analisisi umafunika mafayilo enieni, mzere umodzi mayi mmodzi, ndiye apa mpamene umalembetsa pa dhsprogram.com.

Kulembetsako sikovuta. Umaika imelo, dzina, sukulu yako, kenako mutu wa kafukufuku ndi kandime kofotokoza zomwe ukufuna kuchita ndi detayo, n'kusankha dera la Sub-Saharan Africa ndi dziko. Kandime kajaka musakapeputse, pali munthu amene amakawerenga. Mnzanga wina analemba mzere umodzi kuti akufuna deta ya sukulu basi, anamubwezera kuti afotokoze bwinobwino. Ine ndinalemba funso langa, gulu la anthu amene ndikufuna kuwaona, ndi njira ya analisisi, ndipo yankho linabwera pasanathe masiku awiri. Deta ya GPS amapempha payokha ndi chifukwa chake, ine sindinaifune, komanso dziwani kuti malo a midzi amawasuntha dala, mpaka makilomita 2 m'tauni ndi 5 kumudzi, ena ochepa mpaka 10, kuti munthu asalondoleke. Ndiye ngati mumaganiza zoti mupeza mudzi wa kwanu ndendende, iwalani.

Akakuvomereza amakupatsanso kalata ya chilolezo, imeneyo isungeni bwino. Komiti yoona za ethics idzaifuna, inde ngakhale deta ilibe mayina a anthu purotokolo yako imadutsabe kumeneko, kwa ambiri a zaumoyo kuno kwathu ndi COMREC kapena NHSRC kutengera komwe ukuphunzira. Ndipo malamulo a DHS Program amati detayo usagawire wina, aliyense alembetse yekha, ndiye za kupatsana pa fulashi zija ayi.

Tsiku lopanga daunilodi ndinasokonezeka mutu. Mafayilo ake ali ndi mayina ngati nambala ya galimoto, MW kenako zilembo ziwiri kenako nambala ndi zilembo zina. MW ndi Malawi, zilembo ziwirizo ndi zimene zikukuuza kuti mkatimo muli ndani. IR ndi amayi, MR abambo, HR ndi banja lonse mzere umodzi, PR ndi munthu aliyense wa m'nyumbamo, KR ndi ana obadwa zaka zisanu zapitazo kwa amayi amene anafunsidwa, BR ndi ana onse amene mayiyo anaberekapo. Ine posadziwa ndinatsitsa onse, m'mitundu yonse ya mapulogalamu opangira analisisi, ya Stata, SPSS, SAS, bandulo yanga kutheratu magetsi nawonso kuthima pakati pake, pamene ndimangofunika IR ya Stata yokha.

Kutsegula fayilo ija Stata inakana, akuti no room to add more variables. Stata yomwe inali pa laputopu yanga inali yaing'ono ija imene imathera pa mavariyebo 2,000 ndi pang'ono, pamene IR ili ndi ochuluka kuposa pamenepo. Njira yake ndi kuitana okhawo amene ukuwafuna, umalemba use kenako mayina awo kenako using ndi dzina la fayilo. Amene mulibe Stata, R ndi yaulele, phukusi la haven limatsegula mafayilo omwewa ndipo la survey limagwira ntchito yotsalayo.

Mayina a mavariyebo nawonso poyamba amaoneka ngati matsenga koma umazolowera, ndipo ubwino wake safanana ku Malawi kokha, ndi omwewo ku Zambia, ku Mozambique, kulikonse kumene DHS inachitika. v012 ndi zaka za mayi, v013 magulu a zaka, v024 chigawo, v025 tauni kapena kumudzi, v106 sukulu, v190 chuma cha pabanja m'magulu asanu, v201 ana amene anaberekapo, v213 ngati ali woyembekezera pano. Madeti ndiye anandinyenga, ndinaona tsiku lofunsidwa lili nambala ya chikwi ndi mazana atatu n'zakuti ndimati fayilo yawonongeka, osadziwa kuti iwo amawerenga miyezi kuyambira January 1900, amati century month code.

Tsopano apa ndi pamene ndinagwa. Ndinasankha atsikana a 15 mpaka 19, n'kuwerenga amene ali ndi mwana kapena ali ndi mimba yoyamba, nambala inatuluka, ine osangalala ndinapitiriza mpaka regression, matebulo okongola, sabata ziwiri zathunthu. Ndikupita nawo kwa asupavaiza, iwo sanayang'ane n'komwe regression ija, anatsegula lipoti la MDHS pomwe palembedwa kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a msinkhu umenewu anali atayamba kubereka, n'kuloza yanga yomwe inali yosiyana. Anangofunsa kuti ma weight munaika? Ine ndinangoti kakasi.

Nkhani yake ili chonchi. A NSO sanatole anthu molingana ndi kuchuluka kwawo m'boma lililonse. Amafuna kuti boma lililonse likhale ndi manambala akeake odalirika, ndiye boma laling'ono ngati Likoma, la anthu osakwana 15,000 pa kalembera wa 2018, anatengako anthu ochuluka kuposa gawo lake, pamene Lilongwe ya anthu mamiliyoni inapereka ochepa poyerekeza ndi kukula kwake. Ukangowerenga mizere momwe ilili ndiye kuti wakweza mawu a maboma ang'onoang'ono n'kutsitsa a akuluakulu. v005, yomwe ndi weight ija, nambala youza kompyuta kuti mayi aliyense awerengedwe mokulira bwanji, ndi imene imakonza zimenezi, umaigawa ndi 1,000,000 chifukwa anaisunga yopanda desimo. Komanso anthuwo sanasankhidwe mmodzimmodzi dziko lonse, anayamba asankha madera 850 kenako nyumba m'maderamo, ndipo anthu a mudzi umodzi amafanana m'zambiri, chipatala chimodzi, sukulu imodzi, miyambo imodzi. Ukapanda kuiuza kompyuta zimenezi imakupatsa ma confidence interval opanikizana ngati kuti ukudziwa zambiri kuposa zomwe ukudziwadi, zinthu zina n'kuoneka significant pamene sizili choncho. Ndiye mu Stata umayamba ndi lamulo la svyset, v021 ngati dera, v022 ngati strata (magulu amene anagawa madera asanasankhe), weight yako ija, kenako lamulo lililonse kutsogolo kwake svy.

Nditakonza zimenezi ndinayendetsanso, 29 uja n'kutulukira pa sikirini. Ndinakuwa ndekha m'chipinda usiku, aneba mwina anaganiza kuti ndawina mpira. Mu regression muja zinthu ziwiri zimene ndinali nditalemba kale ndime zonyadira zinasiya kukhala significant, ndimezo ndinafufuta ndi mtima wowawa.

Mnzanga uja wa mzere umodzi anakumananso ndi zake. Iye amaona za kupinimbira kwa ana, lipoti likuti 37 pa 100, yake imakana kufanana ngakhale anaika ma weight. Tinakhala pansi ndi Guide to DHS Statistics, buku lawo lomwe limafotokoza nambala iliyonse momwe anaiwerengera, akuwerenga ndani ndiponso pakati pa gulu liti, n'kupeza kuti iye amagwiritsa KR pamene lipoti limatenga ana mu PR. Mu KR mulibe ana amene mayi awo sanafunsidwe, amasiye ndi okhala ndi agogo aja, ndipo kwathu kuno ana otero si ochepa. Analinso atasiya manambala a 9996 kupita m'mwamba mu hc70, variyebo yoyerekeza msinkhu wa mwana ndi zaka zake, ngati kuti ndi miyezo yeniyeni, pamene amatanthauza kuti muyezo unalakwika kapena palibe.

Chinthu china, kumayambiriro kwa 2025 boma la America litadula ndalama za USAID, DHS Program inagwedezeka chifukwa ndi kumene inkadalira, anthu ambiri anada nkhawa ndi mafayilo awo. Ine anga ndinasunga malo atatu pamodzi ndi kalata ija ndi do-file yanga, fayilo ya malamulo onse a Stata amene ndinalemba, yomwe pamwamba pake penipeni, regression isanayambe, pali mizere inayi yongotulutsa 29 uja. Tsiku la difensi funso loyamba la ekizamina wakunja linali la ma weight, ndinangotsegula peji imeneyo.