Mmene tinayendera ndi ana ku myuziyamu ya Negro Leagues ku Kansas City

Anzanga amene muli kuno ku Indiana ndipo ana anu alowerera za baseball kusukulu, ulendo uwu ndi wotheka ndithu pa galimoto, bola kuukonzekera. Ife mwana wathu wamwamuna ndi amene anatiumiriza, tinagwirizana ndi bambo a kunyumba kuti m'malo mopita kutali ku Cooperstown, komwe kuli myuziyamu ya akatswiri a baseball (Hall of Fame), tiyambe ndi Negro Leagues Baseball Museum ya ku Kansas City, Missouri, yosunga mbiri ya maligi akale a anthu akuda.

Choyamba onani pa webusaiti yawo masiku ndi maola otsegulira musanabuke hotela, kenako galimoto ipite ku sevisi, matayala, oilo, zonse. Msewu ndiye siwovuta ayi, kuchokera ku Indianapolis mumangogwira I-70 kulowera kumadzulo, kudutsa Illinois, kuwoloka mtsinje wa Mississippi pa St. Louis mukuona Gateway Arch, kenako Columbia mpaka kukafika, maola 7 kapena 8 kutengera ndi kuima kwanu. Mukalowa Illinois nthawi imabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, ndiye popita mumapindula koma pobwerera ola lija mumalibweza, mukumbukire zimenezo ngati mawa lake kuli ntchito. Ife tinanyamuka m'mbandakucha ana akadali ndi tulo, kamba yense mu kula boksi, mpunga, nkhuku yokazinga, madzi ambiri, chifukwa zogula m'njira zimatha ndalama.

Mumsewu momwemo ndi mmene tinawafotokozera ana nkhani yake, ndipo ichi ndikuchilimbikitsa kwambiri, mwana akalowa osadziwa kanthu amangothamangira kushopu ya zipewa. Tinawauza kuti kale anthu akuda sankaloledwa kusewera mu ligi yaikulu (Major League Baseball, MLB), ndiye mu 1920 Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu pa YMCA ya ku Paseo konko ku Kansas City n'kuyambitsa Negro National League. N'chifukwa chake myuziyamuyi ili kumeneko, dera la 18th ndi Vine, nyumba imodzi ndi American Jazz Museum.

Mukagula matikiti n'kulowa, chinthu choyamba kuona ndi bwalo la baseball lokhala ndi ziboliboli za osewera, Satchel Paige akuponya, Josh Gibson ali kumbuyo kuwakha, koma mumalionera kuseri kwa waya wonga wa khola la nkhuku, simungalowemo. Wamng'ono wathu anafunsa kuti amayi bwanji atitsekera, ndipo ine mtima unandiwawa chifukwa ndi momwemo mmene anthuwa ankaonera ligi yaikulu, pafupi koma osaloledwa. Kuti mufike pabwalopo muyenera kuzungulira mbiri yonse kaye, chaka ndi chaka, zithunzi, mayunifomu, magolovesi akale, nkhani za mmene matimu ankayendera pa basi usiku wonse n'kumakanizidwa malo ogona ndi odyera m'matauni momwe anthu angowaombera kumene m'manja.

Apa musathamange chonde. Ife tinakhalitsa pa zinthu zokhudza kwathu kuno, Oscar Charleston anabadwira ku Indianapolis, Hank Aaron anasewera mu Indianapolis Clowns mu 1952 asanapite ku Braves ya mu ligi yaikulu, ndipo chaka chotsatira Clowns yomweyo inatenga Toni Stone, mzimayi, kumasewera pakati pa amuna. Mtsikana wathu amene baseball saikonda n'komwe anaima pamenepo kuwerenga zonse mpaka tinachita kumuitana. Jackie Robinson naye ana ankangomudziwa ndi nambala 42 ndi Brooklyn Dodgers ya 1947, pamene anatsegulira anthu akuda njira yolowera mu ligi yaikulu, osadziwa kuti mu 1945 anali mu Kansas City Monarchs. Chinandikhudza china n'chakuti kutseguka kwa ligi yaikulu kuja n'komwenso kunafooketsa matimu a anthu akuda, osewera abwino anatengedwa, owonera anawatsatira, mabizinesi a m'madera mwawo n'kuyamba kugwa. Bambo awo anawonjezera kuti mu 2024 MLB inaphatikiza ziwerengero za Negro Leagues m'mabuku ake ndipo Josh Gibson anadutsa Ty Cobb, amene anali patsogolo, pa batting average, chiwerengero chosonyeza mmene wosewera amamenyera bwino mpira.

Kumapeto ndiye mumalowa pabwalo lija n'kuima pambali pa ziboliboli, mwana wanga anakaima pafupi ndi Paige kuyerekeza kuponya. Mumufunefunenso Buck O'Neil, mkulu amene analimbikira kwambiri kuti malowa akhalepo kuyambira 1990, chiboliboli chake chili cha pambali chikuyang'ana bwalo.

Ikani maola awiri kapena atatu, kuposa apo ngati mukufuna kulowanso ku jazi. Zakushopu muwauziretu ana kuti aliyense chinthu chimodzi basi. Mukatuluka njala ili pamimba, Arthur Bryant's ili chapafupi pa Brooklyn Avenue, nyama yowotcha ya kumeneko ndi yambiri moti mbale imodzi ana awiri agawana, ndipo mugone konko usiku umenewo, woyendetsa asabwerere tsiku lomwelo atatopa.