Tsiku la kliniki ya shuga, musapite chimanjamanja

Ndikulemba mtima usanatsike bwinobwino, ndiye zina zituluka mosatsatana. Amayi anga ali ndi matenda a shuga. Atagonekedwa shuga atakwera kwambiri, madokotala anawachotsa pa mapiritsi a glibenclamide n'kuwaika pa jakisoni wa insulin, metformin n'kuwasiyira. Ine ndiye gadiyani, ndipo dzulo m'pamene tamaliza zonse za kliniki, mankhwala ali m'manja.

Zolawira, zotenga buku la kuchipatala ndi ndalama ya minibasi sindikuuzani, mukuzidziwa kale. Nkhani yanga ili pa tsiku lomwe linapita pachabe.

Potuluka m'chipatala anangotiuza kuti pa tsiku la kliniki amayi abwere asanadye kanthu, kuti akawayeze shuga m'mimba muli mopanda kanthu. Za jakisoni wa m'mawa palibe anatchulako. Amayi ndi munthu womvera, ndiye anabaya insulin wawo pa nthawi ya masiku onse, phala osamwa, ife ulendo. Tinafika kusanache bwino, tinaika buku pa mulu, n'kukhala pa benchi. Kamakina koyezera kanalipo, koma timapepala take, ma strip aja, tinali titatha. Wokatenga tina anapeza wosunga makiyi ali pa msonkhano wa m'mawa. Anthu odwala shuga odzaza khonde lonse, onse a njala, ndipo palibe wotuluka kudzanena kuti zichedwa, idyani kaye.

Cha m'ma 10 koloko ndinangoona amayi thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira. Manja akunjenjemera, ndikawafunsa akuyankha zina. Mayi wina wa pafupi, amene zikuoneka kuti benchi imeneyi anaizolowera, anati, "Bambo inu, amayiwa shuga watsika, musadikire kuti akuitaneni." Anatulutsa shuga m'kapepala, tinasungunula m'madzi, amayi n'kumwa. Anesi atabwera ndi ma strip, kamakina kanali kakuonetsabe nambala yotsika. Anatithandiza ndithu, sindinama. Koma pomaliza anati popeza amayi amwa shuga, zotsatira za lero sizingathandize adokotala kusintha mlingo wa mankhwala, tibwere sabata yamawa. Tsiku langa la ntchito, ndalama ya ulendo wa anthu awiri, ndi moyo wa amayi womwe unatsala pang'ono, zonsezi chifukwa cha mawu ochepa omwe akanatha kulemba ndi choko pakhoma.

Ndiye imvani. Nyamulani chakudya ndi shuga m'chikwama. Mbatata yophika, buledi, nthochi, chilichonse, komanso shuga wa masupuni atatu m'kapepala ndi botolo la madzi. Ndipo musanatuluke m'wodi, funsani anesi mwachindunji kuti pa tsiku loyeza asanadye, jakisoni wa m'mawa abaye nthawi yanji. Ife anatiuza pambuyo pake kuti tizinyamula insulin, akayezedwa abaye pompo n'kudya. Wanu mwina amuuza zina malinga ndi mtundu wa insulin wake, koma funsani.

Nambala ya pa kamakina ija nayo imasokoneza. Makina ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL. Shuga wotsika ndi pansi pa 4 pa oyambawo, kapena pansi pa 70 pa enawo, chifukwa kusiyana kwake n'kuchulukitsa ndi 18. Wina akakuuzani kuti shuga ali pa 60, funsani kuti makina ake ndi ati. Munthu akakomoka musamuthire chamadzi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, muthamange naye kuchipatala.

Titabwereranso zinayenda: kuyezedwa, sikelo, BP, adokotala, kenako pawindo la mankhwala. Apa tsegulani maso musanachoke. Amayi amabaya mitundu iwiri. Wina ndi woyera, woonekera mkati ngati madzi, amagwira msanga, ndipo amabayidwa patatsala mphindi 30 kuti adye. Winayo ndi wotuwa, amagwira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Timabotolo take n'tofanana kukula, ndiye werengani dzina lolembedwa pa kabotolo mufananitse ndi la m'buku, muonenso deti lothera ntchito, muli pawindo pomwepo ngakhale a kumbuyo akukuwa. Wotuwayo musamukhutchumule, mumangomugubuduza pakati pa zikhatho mpaka asakanikirane. Potunga onse awiri mu sirinji imodzi, anesi anatiphunzitsa kuyamba ndi woyera uja.

Masirinji ndiye anati atha, kaguleni. Ku famasi ina m'tauni mnyamata wogulitsa anandipatsa masirinji wamba a 2 ml, akuti n'chimodzimodzi. Si chimodzimodzi ayi. Insulin wa amayi walembedwa U-100, kutanthauza mayunitsi 100 mu 1 ml, ndipo amafuna sirinji yolembedwa mayunitsi, ya U-100 yomweyo, ya kachivindikiro ka olenji. Pa sirinji wamba mizere yake ndi ya ma ml, ndiye kamzere kamodzi kokha mukaphonya mwabaya munthu mankhwala ochuluka zedi. Ndinakana, ndinakapeza kwina.

Ndinaiwala za kasungidwe. Kabotolo kosatsegula kamakhala m'firiji, koma osati mu freezer, insulin akauma ndiye watha ntchito. Kwathu firiji kulibe, ndiye tinachita zomwe anesi anatilangiza: mtsuko wadothi, mchenga wonyowa mkati, timabotolo tili m'kachitini kotseka bwino kuti madzi asalowe, mtsukowo pamthunzi podutsa mphepo. Mchenga ukauma mumathiranso madzi. Kabotolo kotsegula kamagwira ntchito pafupifupi mwezi umodzi, choncho tsiku lotsegula ndimalilemba pa kabotolo pomwepo ndi bolopeni. Pokwera minibasi musakaike m'thumba la thalauza kapena pawindo padzuwa, makamaka kutentha kwa Okutobala kukayamba.

Malo obaya azisinthasintha, pamimba ndi pantchafu, chifukwa malo amodzimodzi amauma n'kuchita chotupa, mankhwala osalowanso bwino. Masirinji otha ntchito timaponya m'chigubu cholimba chotseka n'kukasiya kuchipatala, osati kudzala komwe ana amasewera.

Chinanso chomwe chinandipweteka ndi mtengo wa ma strip. Kamakina mugula kamodzi, koma timapepalato timatha msanga, ndipo kampani iliyonse ili ndi take, ta kamakina kena sitilowa mu kanu. Musagule kamakina musanafunse ngati ma strip ake amapezeka m'tauni mwanu. Nambala zomwe mwayeza kunyumba muzilemba mu kope, deti ndi nthawi, mukaonetse adokotala. Anawerenga kope lathu nthawi yaitali kuposa momwe anatiyang'anira ifeyo, ndipo mlingo wa madzulo anausintha potengera zomwezo.

Chakudya chija musaiwale, ndi shuga m'kapepala, ngakhale akuuzeni kuti lero mzere ndi waufupi. Tsiku lathu lotsatira analemba m'buku ndi pensulo yosaoneka bwino, moti ndinachita kubwerera kukafunsa ngati ndi pa 11 kapena pa 17.