Momwe chinkhwe cha gogo wa ku Manchester chinafikira pakhomo pathu

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku Manchester. Kwa zaka ziwiri ndinkapita kwa gogo wina wamwamuna yemwe ankakhala yekha ndi Charlie, chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chija amati African grey. Gogo atatisiya, ana ake anakachitula ku bungwe lina losunga mbalame zosowa eni. Ine poti chinkandidziwa, ndinkaona ngati ndingopita ndi katoni n'kukachinyamula monga nkhuku yomwe akupatsa apongozi. Zinanditengera miyezi itatu.

Anayamba ndi fomu ya masamba angapo. Nyumba ndi yanu kapena ya lendi? Alipo wosuta fodya? Muli ndi mphaka? Nyumba imakhala yopanda munthu maola angati pa tsiku? Zonsezi ndinayankha mosavuta mpaka ndinafika pomwe amafunsa yemwe adzasunge mbalameyo ine ndikadzamwalira. Ndinaseka. Mayi wa ku bungweko sanaseke nawo. Anati zinkhwe zamtunduwu zimatha kukhala zaka 40 mpaka 60, Charlie ali ndi zaka za m'ma 20, ine 46, ndiye ndiwerengere ndekha. Madzulo ake ndinakhala pansi ndi mwana wathu woyamba, anavomera, ndipo dzina lake ndi lomwe lili pa fomupo.

Kalata ya landilodi inadya masabata awiri, palibe chokamba pamenepo kupatula kudikira.

Nkhani ya mapepala ndiyo ndinali ndisanaiganizepo. Zinkhwe zotuwazi kwawo ndi nkhalango za ku Congo, Cameroon, Gabon ndi Ghana, ndipo zinagwidwa zambiri n'kugulitsidwa kunja mpaka zinayamba kutha. Pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, womwe unachitikira ku Johannesburg mu 2016, mayiko anagwirizana zoziika pa Appendix I, mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yotheratu, ndipo kuyambira Januwale 2017 malonda a zinkhwe zogwidwa kutchire pakati pa mayiko ndi oletsedwa. Kuno ku Britain, wogulitsa chinkhwe chotere amafunika satifiketi yotchedwa Article 10, ndipo mbalameyo imayenera kukhala ndi mphete yotseka pamwendo kapena kachipangizo ka nambala m'thupi. Charlie anali ndi mphete, kusonyeza kuti anaswedwa m'khola konkuno. Nkhalango ya ku Congo sanaionepo, ine wa ku Dedza ndimaidziwa Africa kuposa iye.

Kenako anatumiza mayi wina wodzipereka kudzayendera nyumba. Tinali titakolopa, makatani titachapa, tiyi ali pamoto. Iwo anangodutsa pabalaza n'kulunjika kukhitchini, kutsegula makabati. Anatulutsa mapoto athu awiri osamatirira chakudya aja, n'kunena kuti amenewa achoke. Teflon yomwe amakutira m'kati mwa mapoto otere ikatentha kwambiri imatulutsa mpweya womwe munthu saumva n'komwe, koma mbalame imatha kufa nawo pa mphindi zochepa. Anaona mapeyala m'mbale, anati ndi poizoni kwa chinkhwe, chimodzimodzi chokoleti ndi khofi. Makandulo onunkhira ndi zopopera m'nyumba, zonse zichoke. Atafika pa chitini cha mtedza womwe achemwali amatitumizira kuchokera kumudzi, ine ndinayankhula monyadira kuti uwu ndiye adzasangalala nawo. Anapukusa mutu. Mtedza, makamaka wa m'makoko, umasunga chuku, ndipo chuku chimenecho chimawononga chiwindi ndi mapapo a mbalame. Za aflatoxin, poizoni wochokera ku chukuchi, ndinkazimva kwa alangizi kumudzi pa nkhani ya msika wa mtedza, sindinkayembekeza kudzazimvanso ku Manchester.

Atachoka, mayi akunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali. "Abambo, ndiye kuti mbalame yomweyi yandilanda khitchini isanafike n'komwe?" Ndinagula mapoto achitsulo sabata yomweyo, ndi ndalama yanga, ndipo mpaka lero dzira likamatirira ndimadziwa yemwe atsuke.

Sanandipatse Charlie kuti ndi wanga nthawi yomweyo. Anati ndimusunge kaye mongoyesa kwa milungu isanu ndi umodzi. Tisanachoke naye tinapita kwa dokotala wodziwa za mbalame, chifukwa si dokotala wa ziweto aliyense amene amazidziwa. Anamuyeza magazi kufufuza PBFD, matenda owononga nthenga ndi mlomo, komanso psittacosis yomwe imagwira ndi anthu omwe. Zonse zinatuluka bwino. Pa sikelo anakwana magalamu 430. Koma pachifuwa panali mbee, khungu lokhalokha, atadzizula nthenga yekha chimwalirireni gogo. Dokotala anati kuzula nthenga kumabwera ndi nkhawa, kusungulumwa kapena kudya kosayenera, ndipo kwa Charlie zonse zitatu zinalipo. Gogo ankamupatsa mpendadzuwa wokhawokha, mafuta ambiri, calcium wochepa, pomwe zinkhwe zotuwa sizichedwa kudwala calcium akachepa m'thupi.

Kumusintha chakudya ndiye kunandiyesa mtima. Simungamuchotsere mpendadzuwa tsiku limodzi, akhoza kungokhala osadya. Ndinkasakaniza pang'onopang'ono ndi chakudya cha timibulu chogula, kuwonjezera karoti, mbatata yophika, masamba ndi tsabola, yemwe mbalame sizimva kuwawa kwake. M'mawa uliwonse ndinkamuyeza pa sikelo ya kukhitchini n'kulemba m'kope. Sabata yoyamba timibulu tonse ankatitola kamodzikamodzi n'kuponya pansi, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Tsiku lachiwiri ndinapisa dzanja m'khola, poti ndife odziwana. Anandiluma chala mpaka magazi chuchuchu. Kulakwa kunali kwanga: ankandidziwa ndili kwa gogo, osati m'nyumba yachilendo, fungo lachilendo, anthu achilendo. Kuyambira pamenepo ndinkangokhala pampando pafupi ndi khola, chitseko chili chotsegula, n'kumawerenga foni yanga. Anatulukira yekha pa tsiku la khumi ndi chimodzi.

Chomwe palibe anandichenjeza ndi mawu. Usiku wina, nyumba ili zii, tinamva munthu akutsokomola pabalaza, chifuwa chakuya cha nkhalamba, kenako mawu a gogo enieniwo akuitana dzina langa momwe ankalipotozera. Mayi akunyumba anadzuka n'kuyamba kupemphera mokweza. Ine ndinadziwa kuti ndi Charlie, komabe tsitsi linandiimirira. Munthu tinamuika m'manda, mawu ake ali pabalaza pathu. Mmawa mwake tinasamutsira khola m'kachipinda kamdima, chifukwa amafunika kugona maola 10 mpaka 12, ndipo kutsokomola kwa pakati pa usiku kunachepa.

Panatsala kufunsa za kalembera wa boma. Kuyambira Okutobala 2024 aliyense woweta mbalame ku England amayenera kulembetsa, koma zinkhwe zokhala m'nyumba zosatuluka panja sizili m'gulumo, ndiye ife zinatipitirira.

Milungu itakwana mayi uja anabweranso, anaona kope la sikelo, anaona tinthenga tatsopano tikutuluka ngati minga pachifuwa, n'kutulutsa pepala lomaliza. Ndinasaina kuti sindidzamugulitsa, sindidzamuswetsa, ndipo ndikadzalephera kumusunga adzabwerera kwa iwo. Tikusainirana choncho, Charlie anatsokomola kawiri ngati gogo, kenako ndi mawu a mayi akunyumba anakuwa kuti, "Abambo, nsima ikuzizira!"