Bokosi la sikopu musamataye abale

Amene mumagula ma sikopu a mfuti, magalasi oonera patali omwe amaikidwa pamwamba pa mfuti, ine bokosi lake ndimasunga ndipo sindisinthanso maganizo. Kale ndinkataya, ndinkati likungodya malo. Kenako sikopu yanga ina inayamba kuchita nthunzi mkati, galasi kungoti mbuu, kusonyeza kuti mpweya wa nitrogen umene amaikamo kuti isachite nthunzi wathawa chinyezi chalowa. Kuti ndiitumize kukakonzedwa ndinavutika zedi, kukulunga ndi mataulo ndi manyuzi, mtima uli m'mwamba kuopa kuti ma turret, zopotokola zija zosinthira poloza, aphwanyika panjira, pomwe siponji ya m'bokosi ija anaidula molingana ndi sikopuyo, ikalowa siigwedera n'komwe.

Zoona, makampani opanga ma sikopu ngati Vortex ndi Leupold waranti yawo ndi ya moyo wonse ndipo safuna lisiti. Koma tsiku logulitsa ndi pamene mudzaone kusiyana kwake, wogula akaona bokosi, kabuku kake, zivindikiro za magalasi komanso serial number yofanana ndi ya pa sikopu mtima umakhala pansi, paja ma fake achuluka masiku ano. Katoni yakunja ija tayani, koma lamkatilo ponyanimo ka silica gel koyamwa chinyezi muliike pouma.