Zikomo nonse amene munayenda nafe m'dzinja lino

Mvula yakata, mitsinje ya Lutembwe ndi Lunkhwakwa yayamba kuphwa, ndipo ife amene takhala tikuzungulira m'makomboni ndi m'midzi ya kuno ku Chipata kuchenjeza anthu za kumira m'madzi tapumako kaye. Tisanabalalike, ndati ndigwade ndithokoze.

Ndiyambe ndi inu mafumu athu ndi anyakwawa. Mukadapanda kumema anthu anu, bwenzi tikulankhula ndi mitengo.

Ambiri akamva za kumira amaganiza za Luangwa kapena damu lalikulu. Ife tinkakakamira za dzenje la kuseri kwa nyumba, lija munakumbamo dothi la njerwa m'chilimwe, mvula n'kulidzaza. Pamwamba limaoneka ngati chithaphwi wamba, koma munthu wamkulu akalowamo mutu suoneka. Palinso chitsime cha kudimba chopanda chovundikira, ndi ndowa yosiyidwa pakhonde ndi madzi ochapira. Mwana wongoyamba kuyenda akagweramo chamutu sangadzitulutse, ndipo salira kuti mumve. Anyamata oumba njerwa, maenje ena munakwirira, ena munatchinga ndi minga, popanda wokupatsani ngakhale ngwee. Mulungu akuonjezereni.

Ena ankatiuza kuti munthu akamira ndiye kuti pali dzanja la munthu. Sitinakangane nawo. Tinangowapempha kuti chitsime avundikirebe.

Kwa inu amayi amene munataya mwana m'dzenje lotere, koma munalimba mtima n'kuima pamaso pa khamu kufotokoza mmene zinakhalira, mawu andithera. Mutayamba kulankhula, ngakhale azibambo a pansolo anasiya masewera n'kusendera pafupi.

Aphunzitsi, zikomo potipatsa mpata kusukulu. Ana tsopano akudziwa kuti mnzawo akamamira sayenera kudumphiramo, chifukwa womira amakukakamira mpaka mumire nonse. Aitane akulu, agone chafufumimba m'mphepete n'kumupatsira nsungwi, kapena amuponyere chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino, chomangidwa chingwe. Anamwino nanu munatiwongola pa chizolowezi chomufinya pamimba wovuulidwa kapena kumuzondotsa kuti asanze madzi. Kumeneko n'kutaya nthawi. Ngati sakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kumupsinja pachifuwa, kenako kuchipatala msanga, ngakhale atatsitsimuka n'kumati ali bwino.

Bungwe loona za umoyo la WHO likuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Chaka chomwecho United Nations inapatula 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli limafika nthawi yabwino, poti ndi pamene anthu amayambanso kuumba njerwa. Tidzakumananso pamenepo, amfumu akatipatsa bwalo. Amene muli ndi chigubu ndi chingwe mudzabwere nazo, tidzayeserera kuponya.