Mmene tinapangira tsamba la pa foni loonetsa ndandanda wa makalasi

Wophunzira wa pa yunivesite wokhala ku Chikanda, ku Zomba, akadzuka m'mawa amafuna kudziwa zinthu ziwiri basi: kalasi iyamba nthawi yanji, ndipo ichitikira m'chipinda chiti. Ndandanda umakhalapo, koma umayenda m'magulu a WhatsApp ngati PDF, ndipo ukangosinthidwa kamodzi pamakhala makope angapo oyendera limodzi, aliyense n'kumakhulupirira lomwe lili m'foni mwake. Ine ndi anzanga ochepa a maphunziro a makompyuta tinaganiza zopanga tsamba lotsegula pa foni loyankha mafunso awiriwo, n'kuika code yake (malemba omwe amapanga pulogalamu) poyera kuti wofuna aione, aikonze, kapena aitenge akagwiritse ntchito pasukulu ina.

Mkangano woyamba unali woti tipange app kapena tsamba wamba. Sunatenge nthawi. Kuika app pa Google Play kumafuna madola 25 olipira kamodzi, ku Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, zonsezo pa khadi lolipira kunja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe mwa ife amene ankafuna kumva za madola. Komanso mafoni ambiri omwe anzathu amanyamula ndi a itel ndi Tecno, odzaza kale ndi zithunzi ndi manotsi, moti munthu akafuna malo amayamba kufufuta app yomwe saidziwa bwino. Tsamba limangofuna link, ndipo link imayenda yokha pa WhatsApp.

Tisanalembe mzere ndi umodzi womwe, tinapita kwa amene amasunga ndandandawo. Apa ndi pomwe ndimauza aliyense kuti ayambire, chifukwa tsamba lokongola loonetsa nthawi yolakwika ndi loopsa kuposa kusakhala nalo. Tinadzera kwa mphunzitsi wathu, iwo analemba kalata, ndipo tinakakhala pansi ndi bambo wina wa mu ofesi yoona za ndandanda.

"Bambo, tabwera kuti mutithandize nzeru," ndinatero, n'kuwaonetsa zomwe tinajambula papepala.

Anaziyang'ana kanthawi, kenako anafunsa: "Nanga ndikasintha chipinda madzulo ano, kwanuko asinthe ndani? Mwana wa eni akaphonya mayeso chifukwa cha tsamba lanulo, mlandu ukhala wa yani?"

Funso limenelo ndi lomwe linaumba pulogalamu yonse. Tinagwirizana kuti ife sitidzalembanso ndandanda pamanja. Iwo amaukonza kale mu Excel, ndiye akamaliza amangousunga ngati CSV, fayilo yosavuta kuti pulogalamu iwerenge, n'kuukweza pa kafomu komwe tinawapangira, ntchito ya mphindi imodzi. Pamwamba pa tsamba lililonse pamaoneka tsiku ndi nthawi yomwe fayiloyo inakwezedwa. Pa ndandanda wa mayeso tinawonjezera chiganizo choti wovomerezeka ndi womwe wamatidwa pa bolodi. Mnzanga wina anati chiganizocho chikutichotsera ulemu. Ine ndimaona kuti n'chimene chinawapangitsa bambowo kuvomera.

Pa tebulo lomwelo tinadulanso zomwe sitidzakhudza. Zotsatira za mayeso ayi, za fizi ayi, ngakhale dzina kapena nambala ya wophunzira ayi. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo kagulu ka ophunzira sikangasenze udindo wosunga mayina a anthu masauzande. Choncho tsambali lilibe polowera ndi pasiwedi, kupatula kafomu ka ku ofesi kaja. Munthu amasankha maphunziro ake kamodzi, foni yake n'kuwakumbukira yokha, ife osadziwa kuti ndi ndani. Aphunzitsi amasankha chimodzimodzi, ndipo iwo anapempha chinthu china chomwe sitinachiganizire: kuona zipinda zomwe zilibe kalasi pa ola linalake, kuti akafuna kubweza kalasi yomwe inalephereka asamayendeyende kusuzumira m'mazenera.

Tinayang'anako zomwe ena anachita. Ku yunivesite ya Oxford anapanga Molly, pulogalamu yopatsa ophunzira uthenga pa foni, yolembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Python pa Django (chida chomangira masamba a pa intaneti), n'kuiika poyera. Inapangidwira mzinda wa mabasi oyendera nthawi, osati kuno kwa kabaza, ndiye tinangotengako maganizo n'kuyamba yathu pa Django yemweyo, deta tikusunga mu nkhokwe yotchedwa PostgreSQL. Pali zinthu ziwiri zazing'ono zoti muzikonze tsiku loyamba. Django ikamayamba imaika nthawi pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye lembani Africa/Blantyre pa TIME_ZONE. Ndipo fayilo ya CSV isungidwe mu UTF-8, kasungidwe ka zilembo kodziwa zilembo zonse, apo ayi chilembo cha ŵ chimatuluka ngati zinyalala.

Ntchito yeniyeni inali yowerenga fayilo ija. Ndandanda umalembedwa ndi manja ambiri kuchokera m'madipatimenti osiyana, ndipo chipinda chimodzi chimabwera ndi mayina angapo: wina alemba Great Hall, wina GH, wina G/Hall. Kwa munthu n'chimodzi, kwa kompyuta ndi nyumba zitatu. Tinapanga kandandanda kena kolumikiza dzina lililonse ku chipinda chake chenicheni. Fayilo ikabwera ndi dzina lachilendo, pulogalamu siiponya pa tsamba, imaima n'kufunsa wokwezayo kuti akutanthauza chipinda chiti, ndipo yankho lake imalisunga. Imachenjezanso ikaona makalasi awiri m'chipinda chimodzi pa ola limodzi. Kachenjezo kameneka ndi komwe kanasandutsa bambo aja kukhala mnzathu, chifukwa kanayamba kuwathandiza pa ntchito yawo yomwe, osati kungowawonjezera ina.

Kenako kulemera kwa tsamba. Wophunzira amawerengera bandulo ngati mmene amawerengera ufa mwezi ukamapita kumapeto. Tinadziikira malire oti tsamba loyamba lisapitirire 100 KB, ndipo malirewo anatikanira zambiri: zithunzi, zilembo zokongola zochita kukopera, ndi milu ya JavaScript yomwe timaphunzira m'mavidiyo. Seva, kompyuta yomwe tsambali limakhalapo, imatumiza HTML, kutanthauza tsamba lokonzeka kale. Ubwino wina ndi woti tsamba lotere limatsegukanso pa Opera Mini, yomwe ambiri amaikonda poti siidya bandulo yambiri koma JavaScript yambiri siyenda nayo bwino.

Kwa amene ali pa Chrome tinaika service worker, kapulogalamu kosunga ndandanda m'foni kuti uzitseguka ngakhale bandulo itatha kapena magetsi atathima n'kupita nayo Wi-Fi. Kameneka sikagwira ntchito popanda HTTPS, njira yotetezeka yotsegulira tsamba, koma chiphaso chake n'chaulere ku Let's Encrypt. Chimatha pakapita masiku 90, ndipo pulogalamu ya Certbot imachikonzanso yokha mukaiika bwino. Chovuta ndi chakuti foni yosunga ndandanda imathanso kusunga wakale. N'chifukwa chake tsiku lija limaoneka pamwamba, ndipo foni ikakhala nthawi osalankhulana ndi seva, mzerewo umasanduka wofiira.

Chrome ili ndi njira yoyeserera netiweki yochedwa, tinaigwiritsa ntchito, koma mayeso enieni anali kupatsa link mesho wanga ndi anzathu okhala ku Matawale ndi ku Chinamwali, ena pa TNM ena pa Airtel, kuti atsegule ali kwawo. Madandaulo awo sanali a liwiro. Anati mabatani ndi aang'ono kwa munthu woyenda, ndipo zilembo zotuwa sizioneka padzuwa la masana.

Mapu tinatenga a OpenStreetMap kudzera pa Leaflet, kapulogalamu koonetsera mapu pa tsamba, ndipo nyumba zomwe zinalibe mayina tinazilemba tokha, poti mapuwo aliyense amatha kuwonjezerapo, bola pansi pake mulembe kuti achokera kwa iwo. Satseguka pokhapokha munthu adine. Achaka choyamba ambiri sanawadine n'komwe, anakonda mawu omwe tinalemba pansi pa dzina la chipinda, monga akuti "kuseri kwa laibulale". Mawu a pa tsambali ali m'Chingerezi ndi m'Chichewa kudzera pa gettext, chida chothandiza kumasulira mawu a pulogalamu, ndipo wofuna kuwonjezera Chitumbuka kapena Chiyao amangomasulira fayilo imodzi osakhudza code.

Za layisensi tinakangana kwambiri kuposa zina zonse. Code yoikidwa pa GitHub, tsamba lomwe anthu amasungapo code, popanda layisensi si yaulere, mwalamulo wina sangaigwiritse ntchito. Ena ankafuna ya MIT, yomwe imalola chilichonse bola dzina la olemba lisachotsedwe, ndipo ankapereka chitsanzo cha DHIS2, pulogalamu yosunga ziwerengero za zaumoyo ya ku yunivesite ya Oslo, yomwe Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito kuno, kuti inafalikira ndi layisensi yomasuka ya mtundu womwewo. Ine ndinali ku AGPL, yomwe imati ukasintha code n'kumaiyendetsa pa intaneti kuti anthu aziigwiritsa ntchito, zosinthazo uziperekenso poyera. Nkhawa yanga inali yoti wina adzaitenga, n'kuipenta, n'kukaigulitsa ku koleji ina yomwe ikanaipeza ulere. Tinavota, AGPL inapambana, ndipo mpaka pano mnzanga mmodzi amati tinathamangitsa anthu omwe akanatithandiza.

Chotsala chinali choti tonsefe tidzamaliza sukulu. Code sitinaiike pa akaunti ya munthu mmodzi koma pa ya gulu, ndipo mphunzitsi wathu ndi mmodzi mwa eni ake. Mapasiwedi sali mu code, ali ndi a ICT, oyang'anira makompyuta a pasukulu, omwenso anatipatsa malo pa seva ya pasukulu, zomwe zinatichotsera nkhani ya madola mwezi ndi mwezi. Malangizo oyikira pulogalamuyi tinawayesa popatsa mtsikana wa chaka chachiwiri laputopu yopanda kanthu, ife titakhala chete. Paliponse pomwe anaima n'kutiyang'ana, tinakalemba bwino. Semesita ino ndi iye amene akuvomereza zosintha zomwe ena akutumiza, ndipo ntchito yomwe wagawa kwa achaka choyamba ndi yolemba njira zopitira ku zipinda zomwe zidakalibe mawu pansi pake.