Sabata ya 6: chizindikiro choyera pa mwala wa marble

Papita masabata 6 chiyambireni kusalaza zidutswa za miyala zimene zimatsala amisiri akamadula miyala yoika pamwamba pa matebulo, ndipo pakali pano ndili ndi zinayi: cha granite, cha marble, cha slate ndi china chimene wondigulitsa anati ndi quartzite. Cholinga changa n'choti chilichonse chidzakhale pa katebulo kakekake, koma sabata ino yathera kukonza zimene ndinawononga ndekha.

Chidutswa cha granite sichinandivutitse. Nditachisalaza ndinadonthezapo madzi, ndipo patatha mphindi 15 anali akadali pamwamba osadetsa mwalawo, kusonyeza kuti sukumwa madzi ndipo sukufunika kuupaka mankhwala otseka timabowo, amene amisiri amati sealer. Nthawi zonse ndimakhula ndikuthira madzi, chifukwa fumbi la granite lili ndi silica amene amawononga mapapo a munthu wolipuma kwa nthawi yaitali.

Vuto linabwera pa marble. Ndinali nditakhula chidutswachi ndi zokhulira za dayamondi kuyambira nambala 50, yokhakhala kwambiri, mpaka 3000, yosalala kwambiri, chikunyezimira moti ndinkadziona nkhope, ndipo ndinali nditachipaka kale sealer. Lachiwiri ndikuchotsa dzimbiri pa zipangizo, viniga anadontha pakona pake, ndipo ngakhale ndinapukuta pasanathe mphindi ziwiri, panatsala kachizindikiro koyera kokula ngati chikhadabo. Poganiza kuti ndi banga wamba, ndinakanda phala la soda ndi madzi, n'kulimata pamalopo, n'kuphimba ndi pepala la pulasitiki kwa masiku awiri. Nditamatula sipanasinthe chilichonse. Ndinazindikira cholakwacho pamene ndinapendeketsa mwalawo pafupi ndi zenera n'kuyendetsapo chala, pakuti malowo anali okhakhala pang'ono, osawala ngati mbali zina. Sipanalowe kanthu ayi, koma mwala weniweniwo ndi umene unadyeka.

Marble amapangidwa ndi mchere wa m'miyala wotchedwa calcite, yemwenso ali m'miyala ya laimu ndi ya travertine, ndipo asidi aliyense, ngakhale wofooka ngati viniga kapena madzi a ndimu, amamusungunula. Banga lenileni, monga la mafuta, limalowa m'timabowo n'kudetsa mwala, ndipo phala lija limatha kulikoka pamene likuuma. Pamene asidi wadya, malowo amatuwa, ndipo palibe choti chikokedwe. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkadalira sealer, chikhalirecho ntchito yake ndi kuchedwetsa zamadzimadzi kuti zisalowe msanga, osati kutchinga pamwamba. Ndinabwerera pa nambala 400, kenako 800, 1500 ndi 3000, ndikukulitsa pang'onopang'ono malo okhulawo kuti pasatsale kadzenje, ndipo zinanditengera madzulo atatu. Tsopano mwala umenewu ndimaupukuta ndi kansalu kofewa ndi sopo wa pH 7 yekha, kutanthauza wopanda asidi komanso wosakhala wamphamvu ngati soda.

Zimenezi zinandichititsa kukayikira chidutswa chachinayi chija, chifukwa chinkasalala msanga kuposa mmene mwala wolimba uyenera kuchitira. Pa muyeso wa kulimba umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, calcite ali pa 3, galasi lili cha pa 5.5, pamene quartz ali pa 7, choncho quartzite weniweni, amene amapangidwa ndi quartz, ayenera kukanda galasi mosavuta. Ndinakhula ngodya ya chidutswacho pa botolo lagalasi, koma botolo silinakandike, ndipo mpeni unapala kunsi kwa mwalawo n'kusiya ufa woyera. Sindikuganiza kuti wogulitsayo anandinamiza dala, popeza miyala ya quartzite ndi marble imafanana kwambiri m'maso, komabe kuyambira lero chidutswachi ndizichisamala ngati marble.

Phala la soda linagwira ntchito pa slate, pamene panali banga la mafuta a makina, ndipo nditamata kawiri bangalo linazimiririka ndithu. Mwala umenewu sindiukhula kuti unyezimire, chifukwa kukongola kwake kuli m'timizere take, komanso umang'aluka m'magawo opyapyala ukaupanikiza m'mphepete. Sabata yamawa ndiyamba kuzunguliza m'mphepete mwa marble ndi nambala 100, ndipo botolo la viniga ndalisamutsira kale pa shelefu ina.